Wapaulendo Sauzidwa Maliro

Lachinayi, 10 Okutobala 2024

Oadby, kuno ku England. Mvula yawaza tsiku lonse. Zikwama ziwiri zili pakhomo.

Mawa Boston, ku Amerika. Ulendowu ndi mphatso ya mwana wathu Mthunzi kwa bambo ake poti akwanitsa zaka makumi asanu. Komanso, ngakhale palibe akunena, poti sanafe mu Malichi muja mtima utawagwetsa pa masitepe a kuntchito. Dokotala walola. Akuti aziyenda pang'onopang'ono ndipo asadzidzimutsidwe. Ndati adokotala, mwamuna wangayu amadzidzimuka ndi ketulo ikawira, nditani naye?

A Lackson asindikiza mapu. Mapu a pepala, chaka chino! Munthu wa makompyuta koma mtima wake wonse uli pa mbiri yakale. Kuyambira Lolemba ndakhala ndikuphunzitsidwa za nkhondo ya Amerika ndi Angerezi ndili pa sinki, osafunsa n'komwe.

Madzulo aimbira achemwali awo a Dorica ku Thyolo, monga Lachinayi lililonse. Ndimamva alamuwo pa sipika: "Iwe Laki, ku Amerika ukatani ndi mtima wosokedwawo? Ukavale juzi." Iwo ee achemwali, ee achemwali, ngati si bambo wa imvi. Anawalera ndi iwowo mayi awo atamwalira, akuthyola tiyi ku esiteti. Kenako anaitanitsa ine. Akuti ndikasamalire mwana wawo. Ndati alamu, mwana wanuyu ndevu zinayera kalekale. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndalongedza zonse ndine, mpaka chaja ya kafoni kawo ka makedzana kaja. Kugula katsopano akukana.

Lachisanu, 11 Okutobala

Tafika. Ndikulemba ndili m'bafa ku hotela, ndatsegula mpopi kuti aziti ndikusamba.

Alamu a Dorica amwalira.

Ndalemba, ndawerenga, palibe chomwe ndikumva. Ngati ndalemba kuti sopo watha.

Zinali pa eyapoti tikudikira zikwama. A L. anapita kuchimbudzi, ine n'kuyatsa foni yanga, poti ndi yokhayo ili ndi data ya kuno. Mamisikolo mbwee, onse a amalume a Stewart a ku Braunstone. Ndi mlongo wa malemu apongozi anga, wamkulu yekhayo wa banjali ku England konse. Ndaimba. Moni analibe. "Amayi a Mthunzi, muli nokha?" Ndati ee. Akuti alamu anagwa m'mawa akusesa pabwalo, BP, anathera m'galimoto asanafike kuchipatala. Ife tili m'mwamba, tikusankha nkhuku kapena pasita.

"Musamuuze," anatero. "Wapaulendo sauzidwa maliro, mukudziwa inu. Akagwa kumeneko mudzamunyamula ndi ndani? Abwere Lolemba, atipeze titakhala, timuuze ife eni ake."

Ndati nanga kuika? Akuti thupi lili ku mochale, akumudzi avomera kudikira mpaka Lachisanu likudzali. Laki akaika yekha mlongo wake, palibe chomwe ataye. Pagulu la banja la pa WhatsApp zalembedwa kale, ndiye foni yake ndiione bwino.

Ndavomera. Mwachangu ndithu, ngati andipempha mchere. Mwambowu ndimaudziwa. Ine bambo anga atamwalira ndili ku koleji ku Zomba anandiuza kuti matenda akula, bwera udzawaone. Ndinakwera basi ndili ndi malalanje m'jumbo. Sindinakwiyire munthu. Kapena ndinakwiya, kaya.

A L. anatuluka akupukuta manja pa thalauza, akudandaula kuti mipopi ya kuno njanzeru kuposa anthu. Ndinaseka. Ndinadzimva ndikuseka.

Ku hotela kafoni kawo kanali katazima. Anaona pepala la wayifayi pa tebulo, n'kufunsa chaja. Ndati mayo ine, ndaiwala pa bedi ku Oadby. Ili m'kachikwama ka mafuta odzola, pansi pa mpango. Yanga sikwana pa kawo. "Tio, mutu wakowu!" Kenako akuti zili bwino, akuntchito asandipeze, ndapuma.

Akugogoda. Akuti tikadye.

Loweruka, 12 Okutobala

Mzere wofiira. Anauyala ndi njerwa pakati pa njira ya oyenda pansi, umayambira pa paki n'kumakhota mumzinda monse, kupyola malo onse akale. Sufunika kuganiza. Umangoika phazi pa njerwa, linzake pa njerwa. Zandikomera zimenezo.

Mitengo yafiira, ina yachikasu. Kunja kwawala koma kukuzizira. A L. avala juzi.

Zomwe taona: nyumba ya boma ya denga lagolide. Tchalitchi choyera. Tchalitchi china. Nyumba yomwe anthu ankakanganiramo za misonkho. Mzungu wina wovala chipewa cha makona atatu ndi masokosi ofika m'mawondo akufotokoza mokuwa, a L. akumukonza chaka chapansipansi. Ndajambula zonse zomwe andiuza kuti ndijambule. Mapazi akupweteka, ndiye thupi lilipo.

Kenako mzerewo unatifikitsa pamanda. Pakati penipeni pa mzinda, geti lotsegula, anthu akulowa ndi makapu a khofi, wina akukankha mwana m'kangolo. Ndinaima pageti. Ndati bambo a Mthunzi, kumanda timangolowa chisawawa, popanda maliro? Akuti awa si manda Tio, ndi mbiri, eni ake anaiwalika kale. Anandikoka dzanja.

Miyala yopyapyala yakuda, yopendekeka, ina yojambulidwa zigaza za mapiko. Iwo kugwada, kuvala magalasi, kuwerenga mayina mokweza ngati akuitana ana m'kalasi. Atadzuka nkhope inali itasintha. Akuti taona, anthu awa zaka mazana atatu dzina likadalipo, amayi anga ngakhale kamwala alibe. Akuti anapangana ndi achemwali kuti chaka chamawa mu Ogasiti akamange chiliza, achemwali apeza kale mmisiri ku Luchenza. "Upita nawo, eti?"

Ndati ee.

Nkhomaliro ku msika wakale, supu yoyera ya nkhono za m'nyanja. Ngati phala lothira mchere wambiri. Ndamaliza mbale yonse, sindikudziwa kuti inakoma kapena ayi.

Masana kudoko, kuja anatayira tiyi wa Angerezi m'madzi. Pali chombo choyerekezera, alendo amaponya bokosi lomangidwa chingwe, ena n'kulikokanso. A L. anaponya kawiri, kukuwa ngati mwana. Kenako, "Ndipatse foni yako, achemwali amve izi." Ndati kwawoko magetsi avuta, foni ikhala yozima. Akuti atumiza voisi pa WhatsApp, akayatsa aipeza. Anaitenga m'manja mwanga. Mauthenga ndinali nditawatsekera kuti asamaoneke.

Anadina, n'kuyamba. "Achemwali, ndi Laki, ndili ku Amerika, juzi ndavala. Mukudziwa kuti azungu a kuno anataya tiyi m'nyanja? Mabokosi ndi mabokosi! Inu mukuthyoka msana ku Thyolo, anzanu akumwetsa nsomba. Ndikuimbirani ndikafika. Mapiritsi a BP muzimwa, musamanamize anthu."

Inapita. Tizizindikiro tiwiri tija tinasanduka tabuluu pomwepo.

"Amva!" Anadikira ataigwira ndi manja awiri, mphepo ikuwomba mapu m'khwapa. Palibe yankho. Ndati netiweki. Akuti kapena ali kumunda, ayankha.

Nditalowa kuchimbudzi ndinapeza uthenga wa mwana wamkazi wa alamu. "Anti, chonde asatumizenso. Foni ya amayi ili ndi ine. Ndinatsegula osadziwa, pakati pa anthu, nyumba yonse yamva." Ndinasamba m'manja nthawi yaitali. Mayi wina anandifunsa ngati ndili bwino. Ndati mapazi.

Loweruka lomwelo, madzulo

Zasintha. Amalume aimbanso a L. akupumula. Ndinakayankhira m'khonde, pafupi ndi makina a ayisi.

Akuika Lolemba. Osati Lachisanu, Lolemba. Magetsi akuzimazima, ku mochale akuti sangasunge thupi sabata yonse, ndipo anthu pasiwa achuluka, chakudya chikutha. Akumudzi agwirizana, basi.

Ndati amalume, si zomwe tinapangana. Ine ndinatseka pakamwa chifukwa munati akaika okha. Akuti zinthu zimasintha amayi, nanga ine ndine magetsi? Asa! Ndinafuna kutukwana munthu wamkulu.

Ndinayang'ana pa foni ndili pomwepo. Ndege ilipo. Yonyamuka kuno m'mamawa mawa, kusintha ku Washington, kusintha ku Addis, Chileka Lolemba masana. Akumudzi atamva kuti ali m'njira angadikire mpaka dzuwa kupendeka. Zotheka. Koma ndiye auzidwe lero.

Ndinawauza amalume. Akuti: "Tsiku lonse m'mwamba, ali ndi chisoni chotere, ndi mtima umenewo? Mukufuna maliro awiri? Mawu a akuluakulu akoma akagonera, amayi a Mthunzi." Ndati chabwino. Chabwino chake chiti, kaya.

Mthunzi naye anaimba. Amalume amutuma kukatsegula nyumba yathu kuti anthu ayambe kusonkhana, wasuntha kale masofa. Ine Chichewa, iye Chingerezi, monga mwa masiku onse. Akuti amayi, adadi si mwana, ndi mlongo wawo, muwauze asankhe okha. Ndati iwe unabadwira kuno, zinthu izi sudziwa. Akuti ndiye ndiuzeni, chikutetezedwa ndi chiyani, mtima wawo kapena mantha anu? Ndati usandiyankhe choncho, si iwe unakhala pa benchi ya chipatala mu Malichi kudikira kuti akuuze ngati ndiwe wamasiye. Anati apatseni foni. Ndinadula.

Tinakadya kudera la Ataliyana. Timisewu topapatiza, fungo la adyo, anthu pamzere kudikira makeke. A L. anaitanitsa chimbale cha pasita chokhala ndi zam'nyanja, dokotala atamva angalire. Anali okondwa, abale. Chikhalireni sindinawaone chonchi chaka chino. Akuti Tio, ndinkaganiza kuti sindidzaonanso dziko lina.

Ndinaika foloko pansi. Ndinali nditakonza mawu ake m'bafa: achemwali adwala kwambiri, tiyeni tipite. Kuyambira pamenepo, zinazo m'njira. Ndati, "Bambo a Mthunzi, pali nkhani."

"Nkhani yanji?" Ndipo dzanja lawo linapita pachifuwa. Anasisita, nkhope itakwinyika. Ine ndinaona masitepe aja, ambulansi, machubu m'mphuno. Ndinayang'ana m'chipinda monse, anthu achilendo okhaokha, palibe ndi mmodzi yemwe wondigwirira mwendo wawo akagwa. Kenako anageya. Akuti mafuta achuluka, pepa, unati chiyani?

Ndati nsapatozi zandidya, mawa tisayende kwambiri.

Akuti nkhani yake imeneyo? Anaseka, n'kuitanitsa keke.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndege ija yanyamuka. Ndinali maso, ndikumva iwo akupuma.

Lamulungu, pa eyapoti

Tamaliza mzere wofiira. Kuwoloka mlatho wa zitsulo, madzi akuoneka pansi pa mapazi. Chombo chankhondo chakale, mizinga yakuda, zingwe zambirimbiri, denga lotsika loti a L. anagunda mutu. Chipilala chachitali paphiri, ndawaletsa kukwera, amvera. Tinakhala pa udzu. Anandiwerengera za nkhondo ya pamenepo kuchokera pa kabuku. Anthu ambiri anafa. Ndinkayang'ana galu wa munthu wina akuthamangitsa mpira.

Uthenga wa amayi a kumpingo: tafika kunyumba kwanu, mapoto akulu ali kuti? Ndayankha: m'garaja, kuseri kwa njinga. Ndikuyendetsa maliro m'nyumba mwanga ndili pa udzu ku Amerika, mwini maliro ali pambali panga akudya mtedza.

Pobwerera analowa m'sitolo ya mphatso. Akuti Lachiwiri ndi tsiku la anakubala kwathu, chaka chino sanatumize kanthu, achemwali adandaula. Anasankha juzi yabuluu, yolembedwa dzina la mzindawu pachifuwa ndi zilembo zikuluzikulu. "Tayesa, thupi lanu n'limodzi." Ndati ndi yabwino, ingogulani. Akuti ayi, tayesa, ukudziwa achemwali, ikathina adzandinena mpaka Khirisimasi.

Ndinavala. Ndinaima pagalasi m'sitolo muja nditavala juzi ya munthu woti ali mu mochale. Iwo kundizungulira, kukoka m'mapewa, kufunsa ngati manja ake satalika. Mtsikana wogulitsa akuti yandikhala. Ndati zikomo. Ndinaivula, tsitsi linakodwa, anandithandiza kumasula.

Kulira kukanabwera apo ndikanaulula zonse. Sikunabwere.

Afunsa kawiri ngati achemwali ayankha. Kachiwiri anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti Tio, watopa iwe, ulendowu ndakuyendetsa ngati bulu. Akuti tikafika ndikagone, tiyi akapanga ndi iwo.

Aitana ndege yathu.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndili kuchipinda chapamwamba. Pansi akuimba. Ndilembe zisanasokonekere.

M'ndege iwo anagona. Heathrow, basi, Leicester kuli mitambo. Mthunzi anatidikira pa siteji ya mabasi. Anakumbatira bambo ake nthawi yaitali mpaka iwo anati iwe, ndangochoka masiku atatu. Ine sanandiyang'ane. Anangotenga chikwama changa n'kuika kumbuyo.

Njira yonse ya London Road a L. akufotokoza za chombo, za tiyi, za mzungu wa chipewa. Mthunzi maso pamsewu. Ine kumbuyo, foni m'manja, nambala ya ambulansi nditailemba kale, chala chili pamwamba pake.

Titakhota mumsewu wathu, magalimoto mbali zonse mpaka pa udzu wa aneba. A L. akuti kodi kuli phwando kwa ndani Lolemba? Kenako anaona galimoto ya amalume. Kenako minibasi ya kumpingo. Anasiya kulankhula pakati pa mawu. Mthunzi atazimitsa injini, nyimbo inamveka kuchokera m'nyumba mwathu, ya amayi okhaokha, yokoka. Munthu wa kwathu safunsa kuti nyimbo imeneyo ndi ya chiyani.

Anatuluka okha. Pakhomo nsapato mbwee. Amalume anaima pachitseko, chipewa m'manja.

"Ndani?"

"Lowa kaye, Laki, ukhale pansi."

"Amalume, ndani?"

Anawalowetsa, kuwakhazika pampando womwe anakonzeratu, abambo awiri uku ndi uku okonzeka kuwagwira. Amayi pansi atavala zitenje, nyimbo inatsika. Amalume anayambira kutali monga amachitira, za matenda, za chifuniro cha Mulungu. A L. anawadula. "Ndi achemwali." Amalume anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinayang'ana chifuwa chawo. Aliyense m'chipinda muja ankayang'ana chifuwa chawo.

Sanagwe. Sanagwire n'pamtima pomwe. Anakhala tsonga pampando, manja pa mawondo, n'kupempha madzi. Anamwa kapu yonse. Kenako anafunsa bwinobwino, ngati ali pa msonkhano wa kuntchito, kuti ndege ya ku Malawi ilipo liti, akumudzi auzidwe adikire.

Amalume anatenga foni yawo yomwe inali itatsamira botolo pa tebulo, n'kupatsa a L. Wina kumudzi ankajambula, chithunzi chikugwedezeka, kuima, kuyambanso. Mitengo ya kumanda, anthu ataima mozungulira, anyamata ndi makasu. Dothi linali litafika kale pamwamba, ankangosalaza.

Anayang'ana mpaka nkhata zitaikidwa. Anaitana kamodzi, chapansipansi, "Achemwali." Basi. Anabweza foni.

Amayi ena anandikokera kukhitchini, kundimanga chitenje, kundisisita kumsana. Akuti mwalimba mtima amayi a Mthunzi, mwamubweretsa wamoyo, si onse akanatha. Amalume nawo pabalaza ndinawamva akuti mkazi uyu ngwaulemu, wasunga mwambo. Ndinkangoti zikomo, zikomo, ndikuyang'ana mapoto anga ali pamoto ndi manja a eni.

A L. anandipeza m'kanjira ka pamasitepe, pomwe timapachika majekete. Mthunzi anali kumbuyo kwawo ndi laputopu. Maso awo anali ouma ngati anga.

"Unadziwa liti?"

Ndati Lachisanu, pa eyapoti.

"Za Lolemba?"

Ndati Loweruka madzulo.

"Ndege inalipo?"

Apa ndikanatha kunama, palibe akanadziwa. Ndati inalipo.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati ndawauza mtengo wa chinthu. Ndinayamba kunena za dokotala, za amalume, za dzanja lawo pachifuwa, koma anali atatembenukira kale kwa mwana. Akuti yang'ana ya mawa, yofika Chileka, ndikaone pomwe agona.

Mthunzi anakhala pa sitepe, n'kutsegula laputopu. Anadinadina, kenako anafunsa m'Chichewa chake chopindika chija, chomwe salankhula n'kamodzi komwe, "Anthu angati, adadi?"

"Mmodzi."

Mthunzi anandiyang'ana koyamba lero. A L. anadutsa pambali panga, phewa lawo osandikhudza, n'kukakhala ndi abambo.